A Orval ndi Giya ya Rivesi

A Orval Dettmer sankapanga rivesi. Funsani aliyense amene anathawirapo chisanu ku chipululu cha Arizona, pa chigono chathu cha kum'mwera kwa Quartzsite, akuuzani zimenezi asanakuuzeni n'komwe dzina lake. Mkuluyu anali ndi nyumba yamatayala yaitali ngati basi, ya bedi, khitchini ndi bafa, ndipo anayenda nayo zaka khumi ndi zinayi chipumireni pa ntchito, koma iwo ali pa chiwongolero sinabwererepo m'mbuyo ngakhale phazi limodzi. Anthu ankati giya ya rivesi ya galimoto imeneyo ikadali m'pepala lake la ku fakitale. Ena ankati kangaude anamangapo, n'kuberekerapo ana, anawo n'kukwatiwira pomwepo.

Amene zinkawadya moyo kwambiri anali a Wendell Aakre. Iwowa anagwira ntchito zaka makumi atatu ku Minnesota yoyesa anthu ofuna laisensi, ndipo amene anawalepheretsa chifukwa cha rivesi akhoza kudzaza bwalo la mpira. Akazi awo atamwalira anagulitsa nyumba, n'kugula kanyumba kamatayala kokwana munthu mmodzi ndi ketulo, n'kutsikira kuno kofunda monga timachitira tonsefe Novembala akafika.

Tsiku lawo loyamba, atangokhala pampando panja, anaona chigalimoto chikubwera ndi fumbi lake. Chinafika pa malo opanda munthu pafupi ndi iwo, n'kupitirira ndi mapazi awiri okha. Dalaivala anasuzumira, n'kupukusa mutu, n'kuyendetsa kupita kutsogolo. Anazungulira chigono chonse, kumene kunali nyumba zamatayala zoposa mazana atatu, n'kubweranso patapita mphindi makumi awiri. Anapitiriranso.

Ulendo wachitatu a Wendell analephera kupirira.

"Akulu! Ingobwererani pang'ono! Pang'ono pokha!"

Pawindo panatulukira mutu wadazi. "Mwaswera bwanji, bwana! Musadandaule, ndikubweranso!"

Pawindo la kumbuyo panali mayi wa imvi akuluka juzi, osadzutsa n'komwe mutu.

"Alekeni, bambo," anatero mayiwo galimoto ikuyamba kuyenda. "Chaka chatha tinaima kachisanu ndi chiwiri. Ine ndine Lurleen. Muli ndi shuga?"

"Ndili naye," a Wendell anayankha akuyenda m'mbali mwa galimoto.

"Wa mu khofi kapena wa m'magazi?"

"Yense."

"Tibwera kudzapempha woyambayo."

Apa n'kuti anthu akale pa chigonopo atatulutsa kale mipando, atandandalika m'mbali mwa njira, aliyense ali ndi mbale yapepala yolembapo malikisi. A Orval ataima bwino ulendo wachisanu anthu anakweza mbale zawo. Ambiri anapereka asanu ndi atatu. A Orval anatsika, n'kuvula chipewa chimene anali atangochivala kuti apeze chovula, n'kuwerama mbali zonse zinayi.

Kuyambira pamenepo amuna awiriwa anakhala moyandikana nyengo zozizira zisanu ndi zinayi. M'mawa uliwonse ankamwa khofi limodzi, ndipo m'mawa uliwonse ankakangana. Ulemu wa tsiku loyamba uja sunathe sabata.

"Koma iwe Orval, tandiuza zoona. Vuto n'chiyani? Khosi?"

"Khosi langa n'labwino kuposa lako. Makoswe anadya waya wa rivesi."

"Dzulo unati anakuletsa ndi dokotala."

"Eya. Dokotalayo analetsanso makoswewo, koma samva."

Munthu aliyense ankalandira chifukwa chakechake. Abusa amene ankapempheretsa mu tenti Lamlungu anauzidwa kuti ndi lumbiro. Mayi wina wa ku Canada anauzidwa kuti a Orval akayang'ana pagalasi la kumbuyo amaona apongozi awo. Wapolisi wina amene anawapeza atatsekereza msewu pa malo omwetsera mafuta anauzidwa kuti, "Bwana, ine ndanyamula mkaka ku Nebraska zaka makumi anayi, ndipo ndinapuma. Kumbuyoko kulibe chimene ndinaiwala." Wapolisiyo anaimitsa magalimoto ena onse kuti mkuluyo adutse.

Chaka chachiwiri a Wendell anaganiza zowaphunzitsa. Anatolera zitini za nyemba zopanda kanthu pa chigono chonse, n'kuzindandalitsa mizere iwiri kumbuyo kwa galimoto, n'kuvala ndi tayi yomwe.

"Phunziro laulere, nkhalamba iwe. Ndaphunzitsa agogo a zaka makumi asanu ndi anayi, osaona diso limodzi. Kwera."

A Orval anakwera mosangalala. Analiza injini, n'kupita kutsogolo, n'kuzungulira chigono, n'kutulukira kumbuyo kwa zitini zija, n'kuziponda zonse imodzi ndi imodzi, phwa, phwa, phwa.

"Ndakhoza, aphunzitsi?"

Nkhani imene inatchuka mpaka ku zigono za kutali inali ya mazira. Linali tsiku lobadwa la a Wendell, ndipo a Lurleen ankafuna kuphika keke. Anatuma amuna awo ku sitolo, mtunda wa mamailosi asanu okha. Popeza analibe galimoto ina, a Orval anatenga nyumba yonse, n'kutenganso a Wendell kuti apeze wokangana naye panjira. A Lurleen anatsala pa chipululu ndi mpando umodzi, ulusi wawo ndi kagalu kawo Skeeter.

Pa geti la sitolo panali patatseka lole. A Orval anapitirira.

"Ima apa, lole ija ichoka pompano, ubwerere pang'ono," anatero a Wendell.

"Kutsogoloku kuli pokhotera pabwino kwambiri."

Pokhotera poyamba panali mchenga. Pachiwiri panali popapatiza. Pachitatu panali pabwino, koma a Orval anati sanapakonde mmene pankawayang'anira. Dzuwa likupendeka anapezeka ali ku Yuma, mamailosi makumi asanu ndi atatu kuchokera pa mazira. Ndiye a Orval anati popeza malire a Mexico ali pafupi, ndipo kutsidyako kuli madokotala a mano otchipa, kungakhale kupusa kubwerera chimanjamanja.

Kuno ku chigono anthu odutsa ankafunsa a Lurleen kuti nyumba yawo ili kuti.

"Yapita kukagula mazira," ankayankha, osaleka kuluka.

Anagona masiku awiri kwa a Opal, mayi wamasiye woyandikana nawo. Tsiku lachitatu nyumba inabwera. A Orval anatsika, n'kumwetulira, mano atsopano ali mbee ngati matailosi a m'bafa.

"Mazira ali kuti?" anafunsa a Lurleen.

"Mayi, taonani kaye."

"Ndaona. Mazira?"

"Nkhuku za ku Mexico zili pa tchuthi."

Keke inaphikidwa ndi mazira a a Opal, ndipo a Orval anadya magawo atatu pofuna kuyesa mano.

Koma nkhani imene a Wendell ankaikonda kuposa zonse inali ya ku mgodi. Zaka ziwiri zapitazo, mu Febuluwale, iwo, a Orval ndi a Lurleen ananyamuka kukaona mgodi wakale wa golide ku mapiri. A Wendell anangotenga chipewa ndi mankhwala a tsiku limodzi, poti ankati abwerako madzulo. Msewu unayamba bwino, kenako unasanduka njira, kenako unasanduka maganizo chabe. Mapeto ake anafika pa chigwembe chakuya. Kumanzere kunali thanthwe, kumanja mitengo yaminga. Foni sinkagwira.

A Orval anazimitsa injini, n'kutulutsa mipando itatu, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wagula puloti.

"Pano m'pabwino. Tikhala pano."

"Mpaka liti?" anafunsa a Wendell.

"Mpaka boma litamanga mlatho."

"Ndipatse makiyi, ndiitulutse ine."

"Nyumba ya mwini sayendetsa mlendo."

M'mawa mwake a Orval anatenga fosholo n'kuyamba kuchotsa miyala kuti alambule bwalo lokhoterapo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zinayi, akufuna kusuntha phiri ndi fosholo yofotsera moto. Pofika masana anali atalambula malo okwana kukhoterapo wilibala. A Lurleen ankangoluka. A Wendell ankatukwana, kenako analeka kutukwana, n'kukhala pamthunzi, pakamwa pali gwa, maso akuchita chidima.

Anali a Lurleen amene anazindikira. Anaika ulusi pansi.

"Orval. Mnzanuyu jakisoni wake wa shuga anatha dzulo."

A Orval anayang'ana a Wendell nthawi yaitali, fosholo ili m'manja. Kenako anapisa m'thumba n'kuwaponyera makiyi.

"Ungathe?"

"Ngakhale nditafa ndingathe kuposa iwe."

Zimene zinatsatira n'zimene a Wendell ankakonda kusanzira pa maphwando. A Orval anawauza kuti asalize kaye injini. Anapita kumbuyo kwa galimoto, n'kugwada, n'kusuzumira pansi. Anayang'ana kuseri kwa tayala lililonse. Anatulutsa a Lurleen n'kuwagwira dzanja zolimba, kagalu n'kukapanira kukhwapa, n'kuima pambali pamene ankaona zonse. Galimoto ikabwerera m'mbuyo mapazi khumi ankakuwa kuti, "Ima!" n'kugwadanso, n'kusuzumiranso.

"Ukufuna chiyani pansipo, nyerere?" a Wendell ankakuwa pawindo. "Kuno kulibe munthu chichokereni okumba golide!"

A Orval anagwadanso, n'kusuzumiranso. Malaya anali atanyowa ngati awathira ndowa, milomo ili yotuwa. Anayenda choncho mailosi ndi theka, mpaka pamene njira inatambasuka. Pamenepo analanda chiwongolero, n'kuthamanga liwiro limene nyumba imeneyo inali isanalionepo, mbale zikugwa m'makabati, ulendo wa ku chipatala. A Wendell anagonekedwa masiku awiri. Atatuluka, nkhani ya ku mgodi inali yawo. Ankagwada pansi n'kumasuzumira pansi pa tebulo, atapanira pilo kukhwapa m'malo mwa galu, anthu n'kumaseka mpaka kutsokomola. A Orval ankaseka kuposa onse, n'kumawonjezera zimene mnzawoyo waiwala.

A Orval anamwalira mu Januwale chaka chino, Lachiwiri m'mawa, ali pampando wawo, kapu ya khofi ili pa bondo. Ankakangana ndi a Wendell za phiri lina lobiriwira limene limaoneka kumadzulo, ngati lili ku Arizona kapena ku California. A Orval ankati California. A Wendell analowa m'kanyumba kawo kukatenga mapu, n'kubwera, n'kutambasula, n'kuyamba kulongosola. Analongosola mphindi khumi zathunthu, za mtsinje, za malire, za mtunda, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zisanu ndi zinayi palibe anawadula mawu.

"Wangoti zii bwanji? Wagonja eti?"

Khofi sanatayike n'komwe. A Wendell anachotsa kapuyo pa bondo, n'kuiika pansi bwinobwino, n'kugogoda pa chitseko cha a Lurleen.

Masiku otsatira a Wendell anachita zonse zofunika. Anaimba mafoni. Anaperekeza a Lurleen kukasaina mapepala m'tauni. Anatsuka kapu ija, n'kupinda mpando, n'kupinda mapu. Anthu ankawagwira paphewa n'kumati, "Pepani, munali ngati mapasa," iwo n'kumati, "Zikomo." Ankadikira chisoni ngati mmene munthu amadikirira basi, koma sichinkabwera. Ankadya chifukwa wotchi yanena. Chakudya chonse chinkakoma ngati katoni.

Loweruka kunali mwambo wowakumbukira mu tenti ya mapemphero. Aliyense anabwera ndi mphika wake: nyemba za tsabola, mbatata zosinja, makeke asanu ndi limodzi. Kunabweranso mwana wa a Orval, Tamra, kuchokera ku Omaha. Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wa mawu aakulu ngati a bambo ake, ndipo ankatsimphina mwendo wamanzere. Palibe aliyense pa chigonopo anali atamuonapo, chifukwa makolo ake ndiwo ankapita kwa iye nyengo yotentha.

Anthu anakakamiza a Wendell kuti anene ya ku mgodi. Anainena. Anagwada, anasuzumira pansi pa tebulo, anakuwa "Ima!" monga mwa nthawi zonse. Pakamwa pankayenda pokha, iwo ali ngati akumvera wailesi ya m'nyumba ya eni. Anthu anaseka, ena akupukuta misozi. Tamra anaseka mpaka kumenya tebulo.

Mwambo utatha, awiriwa anapezeka akupinda matebulo limodzi.

"Mwawasanzira ndendende, a Wendell," anatero Tamra. "Ankachita zomwezo ndikamatulutsa galimoto yanga m'galaja. Kugwada pa simenti, atavala suti ya kutchalitchi."

"Anali ndi misala yawo. Mpaka lero sindidziwa chimene ankafuna pansipo."

Tamra anaima, tebulo lili m'manja. "Sanakuuzeni?" Anadzimenya pantchafu yamanzere. "Ankafuna ine. Ndinali ndi zaka zitatu. Adadi ankatulutsa lole ya mkaka pabwalo, ine ndinali kumbuyo ndikuthamangitsa mwana wa mphaka. Maopaleshoni asanu ndi limodzi. Ine sindikumbuka chilichonse. Atabwerera ku ntchito anapempha njira ya ku mafamu, yongozungulira. Ndawauzapo kambirimbiri kuti adadi, ndimavina, ndimapalasa njinga, ndili ndi ana atatu. Ankangoti inde mwanangu, n'kusintha nkhani. Gwirani mbali iyo, tebuloli n'lolemera."

A Wendell anagwira mbali iyo. Ananyamula matebulo onse khumi ndi awiri, n'kuwasanja bwino, n'kusesa mu tenti. Atatha anapita kwa a Lurleen, amene anali kulongedza mbale m'makatoni.

"Mayi, bwanji simunandiuze? Ndamuseka munthu zaka zisanu ndi zinayi. Ndinamuikira zitini. Lero lomwe ndagwada pamaso pa mwana wake."

A Lurleen anakulunga mbale m'nyuzipepala, n'kuiika m'katoni, n'kutenga ina.

"Kwathu kuja palibe ankaseka, bambo. Zaka makumi atatu ndi zisanu, akalowa m'sitolo anthu ankatsitsa mawu. Aliyense ankawachitira chifundo, mpaka ankaopa kutuluka m'nyumba. Tsiku loyamba kuno munthu wina anawakuwira kuti chitsiru iwe, laisensi unaitola kuti. Anabwera kwa ine nkhope ili ngwee, akuti Lurleen, wamva? Akunditukwana." Anatseka katoni. "Inu ndiye munkawatukwana bwino kuposa onse. Ndipatseni tepiyo."

A Wendell anapereka tepi.

Lolemba m'mawa Tamra anakhala pa chiwongolero, amayi ake pambali, kagalu pamiyendo. A Lurleen anatsitsa galasi.

"Muzibaya jakisoni pa nthawi yake. Opal ndamuuza kuti azikufunsani."

"Mubweranso chaka chamawa?"

"Ndidzatani kuno, bambo? Ine chipululu sindinachikondepo. Fumbi lokhalokha." Anamwetulira pang'ono. "Tsalani bwino."

Galimoto inanyamuka. A Wendell anakweza dzanja, n'kulisiya m'mwamba mpaka linatopa.

Chigono sichinasinthe. Dzuwa linkatuluka kuseri kwa mapiri omwewo, majenereta ankalira pa nthawi yake, Lachinayi anthu ankasewera makadi. Pasanathe masiku atatu pa malo paja panaima banja lina la ku Idaho, anthu aulemu kwambiri. Bamboyo ankavomereza chilichonse. A Wendell anayesa kuwauza kuti khofi wawo akukoma ngati madzi otsukira masokosi, bamboyo n'kupepesa, n'kukaphika wina. A Wendell sanapitekonso.

Anthu ankagona msanga n'kudzuka mochedwa. Pa makadi ankasewera makadi basi. Nthawi zina munthu ankayamba kuti, "Mukukumbuka tsiku lija," n'kuyang'ana kwa a Wendell kuti apitirize, iwo n'kuyang'ana makadi awo n'kufunsa kuti akuponya ndani. Zimene Tamra anawauza sanauze munthu. A Opal ankagogoda m'mawa uliwonse kufunsa za jakisoni, iwo n'kuyankha kuti abaya, ndipo zinali zoona.

Kumayambiriro kwa Malichi, kutayamba kutentha, anthu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi kubwerera kumpoto. Tsiku lina a Wendell anapita ku mpope wa chigono kukadzaza thanki. Panali mzere wa magalimoto asanu ndi atatu, onse chete, aliyense m'galimoto mwake. Itafika nthawi yawo anatsika, n'kulowetsa paipi pa thanki, n'kutsegula mpope, n'kuima.

Thanki inadzaza. Madzi anayamba kusefukira, kutsika m'mbali mwa galimoto, kunyowetsa buluku, kulowa m'nsapato. Anayenderera pamiyala, nthaka youma ija n'kumawamwa pomwepo. Kuno munthu akataya kapu imodzi ya madzi amamva mawu, koma palibe analiza hutala. Patapita nthawi mayi wina wa m'galimoto ya kumbuyo, mlendo amene sankawadziwa, anatsika n'kubwera pafupi.

"Agogo, yadzaza."

"Ndaona, mayi," anatero a Wendell.

Anapitiriza kugwira paipi. Mayiyo anawayang'ana kumaso, n'kuyang'ana nsapato zawo, kenako anapita yekha kukatseka mpope.